Chinsansa Chimene Chidagwa Kawiri

Ana anga ndi inu adzukulu, senderani kuno, pakuti nkhani ya lero ndi yakutali ndipo siifuna phuma. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndikufuna ndikuuzeni za kamtsikana kamene kadakonda munthu wina kwambiri mpaka kadapundula mnzake wa munthuyo, ndiponso momwe nkhani ya kamwanako idajambulidwira pa filimu kawiri, koyamba ku Paris m'chaka cha 1937, kachiwiri ku America m'chaka cha 1947. Pakati pa mafilimu awiriwo padadutsa zaka khumi zokha, koma m'zaka khumizo mudalowa nkhondo yaikulu, njala ndi maliro osawerengeka, kotero kuti nkhaniyo pofika tsidya lina la nyanja idali itasintha mtima ngakhale nkhope idali yomweyo.

Tiyambe ndi nyumba, chifukwa nkhaniyi ili ndi kwawo. Pakati pa mzinda wa Paris pali chinyumba cha nyimbo ndi magule chotchedwa Palais Garnier, kapena kuti Opéra, chimene mapulani ake adajambula ndi mmisiri Charles Garnier, ndipo chidatsegulidwa mu 1875. Olemera ankalowera kumaso, atavala zakuda ndi zonyezimira, n'kukwera masitepe aakulu a miyala yosalala, pansi pa nyali zambirimbiri ndi makoma opakidwa golide, kukakhala m'chipinda cha mipando pafupifupi 2,000. Koma kuseri kwa nyumbayo kudali khomo lina lopanda zokongoletsa, ndipo pakhomo limenelo, m'mamawa, m'miyezi yozizira ya Disembala ndi Januwale pamene dzuwa la kumeneko limachedwa kutuluka ndipo mpweya wa m'kamwa umaoneka ngati utsi, pankalowa tiana tatikazi titagwira dzanja la amayi awo, titanyamula tizikwama ta nsapato. Anthu a mumzindamo ankatitcha timakoswe ta Opéra. Tidali ophunzira a sukulu ya gule wa ballet, sukulu yakale kwambiri imene idakhazikitsidwa mu 1713, mfumu Louis XIV ikadali pampando, mfumu imene nayonso paunyamata wake inkavina yokha pamaso pa nduna zake.

Gule ameneyu, adzukulu anga, ndi wankhanza kwa thupi. Wovina wamkazi amaima pa nsonga zenizeni za zala zakuphazi, m'nsapato zolimbitsidwa kutsogolo ndi nsalu zomatidwa, n'kumazungulira, kulumpha ndi kutera mopanda phokoso, nkhope ili phee ngati palibe chikuwawa. Kuti thupi livomere zimenezi amayenera kuliyamba likadali lanthete, monga akuluakulu adanenera kuti kuwongola mtengo n'poyamba. N'chifukwa chake tianato tinkalowa sukuluyo tisanakwanitse ndi zaka khumi zomwe. Tinkakwera masitepe ambirimbiri a kuseri mpaka ku zipinda za m'mwamba pafupi ndi denga, n'kukaima pamzere titagwira mtengo wopingasa m'mbali mwa khoma, pansi atawazapo madzi kuti pasaterere, mphunzitsi akuwerenga, woimba piyano akubwereza nyimbo yomweyo, miyendo ikupinda ndi kuwongoka, kupinda ndi kuwongoka, mpaka thukuta. Madzulo zala zinkatuluka m'nsapato zili ndi matuza, ndipo mayi ankakhala pafupi ndi nyali akusoka nsonga ya nsapatoyo ndi ulusi wokhuthala kuti ikhalitse, pakuti nsapato yatsopano idali ndalama.

Musaganize kuti adali ana a mabwana. Kwa zaka zambiri ochuluka a iwo ankachokera m'mabanja osauka, a amayi ochapa zovala za anthu, osoka, ndi olondera pamakomo a nyumba zalendi, okhala m'tizipinda ta pamwamba pa nyumba zosanja m'mene madzi ankachita kukatunga pampopi wa onse. Chakudya chawo chidali buledi woviika m'khofi wa mkaka m'mawa, msuzi wa mbatatesi ndi masamba madzulo, nyama mwa apo ndi apo. Pali kachifanizo kotchuka ka mwana wovina wa zaka 14 kamene adaumba mmisiri Edgar Degas n'kukaonetsa mu 1881. Mwana amene adaimira kachifanizoko, Marie van Goethem, adali wa mayi wochapa zovala, ndipo patangopita chaka chimodzi adachotsedwa ntchito ku Opéra. Kwa banja lotere mwana wovina adali munda wa mawa. Akakwera makwerero onse a ntchito yawo, kuchoka pagulu la kumbuyo mpaka kufika potchedwa nyenyezi, ndiye kuti banja lonse latuluka mu umphawi.

Mantha nawo adali ochuluka. Ankaopa mayeso a chaka ndi chaka, pamene mwana amavina yekha pamaso pa oweruza, ndipo kuterereka kumodzi kungathe kumubweza kwawo. Ankaopa abambo olemera amene ankagula mipando ya chaka chonse n'kupeza nayo ufulu wolowa m'chipinda cha kuseri kwa siteji kukasuzumira atsikana, mwambo woipa umene udatha m'zaka za m'ma 1930. Ankaopa moto, chifukwa masiketi awo adali a nsalu yopyapyala, ndipo aliyense ankadziwa nkhani ya Emma Livry, wovina wachitsikana amene siketi yake idagwira moto wa nyali ya gasi poyeserera gule mu 1862, n'kumwalira chaka chotsatira atazunzika miyezi yambiri. Ndipo ankaopa pansi. Pansi pa siteji ya Palais Garnier pali zipinda zosanjikizana zotsika mumdima, zodzaza ndi zingwe, mitanda ndi mawilo amatabwa zokwezera ndi kutsitsira zinthu za sewero, ndipo pasiteji penipeni pali zitseko zotsegukira pansi. Wovina amathamanga pamwamba pa zitseko zimenezo maso ali kumwamba, akukhulupirira kuti anthu amene ali pansipo adatseka bwino.

Padalinso mwambo umodzi wokoma umene muyenera kuugwira, chifukwa nkhani yonse yatsamira pamenepo. Mwana wa pasukulupo ankasankha mmodzi mwa ovina akuluakulu kuti akhale mayi wake wamng'ono, womulangiza, womupatsa nsapato zakale, womulimbitsa mtima tsiku la mayeso, ngati momwe phungu amagwirira dzanja la namwali kwathu kuno. Kwa mwana amene kwawo kuli mdima ndi kuzizira, munthu wovala zoyera woteroyo akangomumwetulira, dziko lonse limathera pomwepo.

Mlembi wina wa ku France, Paul Morand, adalemba nthano yochokera m'moyo umenewu, ndipo anthu awiri, Jean Benoît-Lévy ndi mayi Marie Epstein, adaitenga n'kupanga filimu ya La Mort du cygne, imene dzina lake likunena za imfa ya chinsansa, mbalame yoyera ya khosi lalitali yosambira pamadzi. Awiriwa sadali alendo pa zojambula ana. Mu 1933 adapanga La Maternelle, filimu ya ana osauka a sukulu yamkaka m'dera la amphawi ku Paris, ndipo adali ndi diso lodziwa kuti mwana sasowa kumuphunzitsa kulira kapena kuseka, amangofunika kumudikira. Dzina la La Mort du cygne lidachokera ku gule wachidule amene Michel Fokine adapekera Anna Pavlova, pa nyimbo ya Camille Saint-Saëns, gule wa mbalame imene ikulimbana ndi imfa. Pavlova adali atamwalira mu 1931, ndipo wovina aliyense ankalota kuvina gule wake uja.

Chinthu chanzeru chimene adachita n'chakuti sadatenge ochita zisudzo kuti anamizire kuvina. Adatenga ovina enieni kuti aphunzire kuchita sewero. Mbali ya Mademoiselle Beaupré, nyenyezi ya panyumbapo, adaipereka kwa Yvette Chauviré, mtsikana wa zaka 20 wobadwira ku Paris mu 1917, amene iye mwini adakulira pa masitepe omwe aja. Mbali ya mlendo Nathalie Karine adaipereka kwa Mia Slavenska, wobadwira ku Croatia mu 1916. Mbali ya mwana, Rose Souris, adaipereka kwa Janine Charrat, wobadwira ku Grenoble mu 1924, kamtsikana ka maso akuthwa ndi nkhope yosaseka wamba. Magule adakonza ndi Serge Lifar, mkulu wa ovina a Opéra masiku amenewo, wochokera ku Kyiv. Filimuyo ndi ya zakuda ndi zoyera zokha, ndipo imakulowetsani m'makonde opanikiza, m'zipinda zovalira, pakati pa ana okankhana ndi onong'onezana, mpaka mumamva ngati fumbi la matabwa likukulowani m'mphuno.

Nkhani yake ndi iyi. Rose amapembedza Beaupré, mayi wake wamng'ono. Kenaka akumva kuti gule wa chinsansa, amene amayenera kuvina ndi Beaupré, waperekedwa kwa mlendo wochokera kunja. Akulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo Karine adadzadi nako, koma mwana saona luso, amangoona munthu amene walanda malo a wokondedwa wake. Usiku wa gulewo Rose akuzembera kumene kuli zingwe ndi zogwirira, n'kutsegula chitseko cha pansi. Karine akuvina, akuyandikira, akuponda pamene palibe thabwa, n'kugwera mumdima. Mwendo wathyoka. Sadzavinanso.

Apa mpamene nkhaniyo imayamba kuluma. Beaupré, amene mwana adamuchimwira tchimo lonselo, sadziwa kanthu, ndipo mtima wake sudali pa gule kwenikweni. Akupeza mwamuna, akusiya siteji. Rose watsala ndi chinsinsi chake, waononga moyo wa munthu chifukwa cha wina amene sadachifune n'komwe chimene ankamumenyera nkhondocho. Ndiye Karine akubwerera, ndodo ili m'manja, kudzakhala mphunzitsi wa ana, ndipo mwa ana onsewo diso lake likugwera pa Rose. Akuona mwa mwanayo moto umene udali mwa iye. Akumukonda, akumuwongola msana, akumukonza mikono, akuika mwa iye gule yense amene miyendo yake siingathenso kuvina. Taganizani, ana anga, kudya tsiku ndi tsiku chifundo cha munthu amene udamupundula, kumva kugogoda kwa ndodo yake pamatabwa ukudziwa kuti ndodoyo adaigwira chifukwa cha iwe. Janine Charrat sachita kulira mofuula kuti tidziwe zimenezi. Amangoima, maso ali tong'o, mapewa atauma, ndipo woonera amamva kulemera kwa mtolowo.

Mlandu suola. Tsiku lidafika, Karine adadziwa. Ndipo filimuyo siimubisira mkwiyo wake, pakuti adali ndi mphamvu yothetsa tsogolo la mwanayo ndi mawu amodzi, ndipo palibe akadamunena. Koma khoswe akakhala pa mkhate sapheka: kuphwanya Rose kudali kuphwanya chokhacho chimene chidamutsalira, luso limene adaliumba ndi manja ake. Adasankha kumusiya mwanayo kuti avine. Mwendo sudachire, zaka zake za ulemerero sizidabwerere, madzi akatayika saoleka, komabe adakhululuka akudziwa bwino lomwe kuti dzanja limene lidatsegula chitseko lidachita dala.

Filimuyi idalandira mphoto yaikulu pa chionetsero cha mayiko onse chimene chidachitikira ku Paris chaka chomwecho cha 1937, ndipo chaka chotsatira idaonetsedwa ku America pa dzina lakuti Ballerina. Koma muzikumbukira nyengo yake. Pa chionetsero chimenecho, m'mbali mwa mtsinje wa Seine, nyumba ya Germany wa Hitler ndi nyumba ya Soviet Union zidamangidwa moyang'anizana ngati zikutokosana, ndipo m'nyumba ya Spain mudapachikidwa chithunzi cha Picasso chotchedwa Guernica, cholira mudzi umene ndege zidauphulitsa m'mwezi wa Epulo chaka chomwecho. Pakati pa anthu amene ankalowa m'nyumba za kanema padali ana ndi akazi amasiye a nkhondo ya 1914, ndipo m'misewu ankakumana tsiku ndi tsiku ndi abambo a mwendo umodzi. Munthu woyenda ndi ndodo sadali wachilendo kwa iwo. Ankadziwa kuti pali zilonda zimene sizipola, ndiponso kuti choipa chimatha kutuluka m'manja mwa munthu wamba amene amadziona ngati akuteteza wokondedwa wake.

Chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chidaimba, anthu n'kumayesa kuti chilambalala. Mu Juni 1940 asilikali a Germany adalowa mu Paris. Buledi adayamba kugulidwa ndi matikiti, khofi adasowa, malasha adasowa, anthu ankaima pamizere kuyambira m'bandakucha, nsapato zambiri zidakhala za matabwa kunsi chifukwa chikopa chinkapita kwa adani, ndipo usiku kugogoda pakhomo kunkaimitsa mtima. Benoît-Lévy, amene adali Myuda, adathawira ku New York n'kukaphunzitsa kumeneko. Mia Slavenska adali atalowa kale gulu la Ballet Russe de Monte Carlo mu 1938, ndipo America idakhala kwawo. Yvette Chauviré adatsala, n'kutchedwa nyenyezi ya Opéra mu 1941, akuvina m'nyumba yozizira. Lifar adatsala naye, koma nkhondo itatha adamuimba mlandu wogwirizana ndi adani, adachotsedwa, ndipo adabwerera mu 1947.

M'chaka chomwecho cha 1947, pamene ku France buledi ankagawidwabe ndi matikiti, ku Culver City m'chigawo cha California kampani ya MGM idatulutsa nkhani yomwe ija mwatsopano pa dzina lakuti The Unfinished Dance. Ndisakunamizeni kuti adaipanga ndi anthu osadziwa mavuto. Woitsogolera, Henry Koster, adabadwira ku Berlin mu 1905, Myuda amene adathawa dziko lake mu 1933 Hitler atatenga ulamuliro. Woyang'anira ntchito yonse, Joe Pasternak, naye adachokera ku Ulaya. Awiriwa adatchuka limodzi ndi mafilimu a nyimbo a mtsikana Deanna Durbin, ndipo chikhulupiriro chawo chidali chakuti munthu amene walipira pakhomo azituluka mtima utapepuka. Anthu otopa ndi nkhondo ankafuna mitundu, nyimbo ndi zovala zokongola, ndipo kufuna zimenezo si tchimo.

Adasamutsa nkhaniyo kupita nayo ku New York, n'kuijambula mu Technicolor, njira ya mitundu yowala imene inkadya ndalama zambiri. Rose adasanduka Meg Merlin, ndipo mbaliyo idapita kwa Margaret O'Brien, amene adabadwa mu 1937, chaka chomwe filimu yoyamba idatuluka. Mwanayu adali kale chuma cha kampaniyo, adalandira mphoto ya Oscar ya ana pa ntchito yake ya mu 1944, chaka cha Meet Me in St. Louis, ndipo dziko lonse linkamudziwa chifukwa cha misozi yake imene inkatsika nthawi imene ikufunika. Beaupré adasanduka Ariane Bouchet, woseweredwa ndi Cyd Charisse wa ku Amarillo m'chigawo cha Texas, wovina weniweni amene adaphunzira ballet kuyambira ali mwana ndipo adavinapo ndi gulu la Ballet Russe. Mlendo adatchedwa La Darina, woseweredwa ndi Karin Booth, amene ntchito yake yeniyeni idali ya zisudzo. Adaonjezaponso munthu watsopano, bambo Paneros, wokonza mawotchi wa mtima wabwino amene amayang'anira mwanayo, ndipo mbaliyo idali yoyamba pa filimu kwa Danny Thomas, mwana wa makolo ochokera ku Lebanon, yemwe uja adadzakhazikitsa chipatala cha ana cha St. Jude ku Memphis mu 1962. Magule adakonza ndi David Lichine.

Maso amakhuta mukamaonera filimu imeneyi. Masiketi ndi oyera mbee, makatani ndi ofiira psuu, siteji ndi yotakasuka ndipo imanyezimira, ndipo Cyd Charisse akayamba kuzungulira mumamvetsa chifukwa chake adadzatchuka mu Singin' in the Rain mu 1952 ndi The Band Wagon mu 1953. Koma tcherani khutu ku kanthu kamodzi kamene adasintha. Mu filimu ya ku America, Meg safuna kuvulaza munthu. Akungofuna kuzimitsa magetsi La Darina ali pakati pa gule, kuti achite manyazi. Mwamantha ndi mwaphuma akugwira switchi yolakwika, chitseko cha pansi n'kutseguka. La Darina akugwa, msana wavulala, kuvina kwatha, monga muja zidaliri ku Paris. Kugwa n'komweko, koma dzanja la mwana latsukidwa: waphonya chabe.

Zifukwa zake sizovuta kuziona. Masiku amenewo mafilimu a ku Hollywood ankayendera malamulo okhwima a makhalidwe amene adayamba kutsatidwa mwamphamvu mu 1934, oletsa kukopa oonera kuti amvere chisoni wochita zoipa. Komanso Margaret O'Brien adali mwana wokondedwa wa mabanja onse, ndipo kampani imene yaika chuma chake pa nkhope ya mwana wosalakwa siingalole kuti nkhopeyo ikonze chiwembu chothyola munthu msana. Choncho adamuchepetsera mlandu, namupatsa bambo wachifundo woti azimuimbira nyimbo, namuchotsera kuzizira ndi umphawi wa makonde a Opéra. Adachita zimenezi pomukonda mwanayo ndi pokonda oonera.

Koma taonani chimene chidatayika, adzukulu anga, pakuti apa ndi pamene pagona mtima wanga wonse. Kukhululuka kumalemera molingana ndi mlandu. La Darina akamakhululukira Meg, akukhululukira ngozi, ndipo munthu aliyense wa nzeru akhoza kutero, chifukwa tsoka silinunkha ndipo dzanja la mwana limaphonya. Koma Karine akamakhululukira Rose, akukhululukira munthu amene adafunadi kuti iye agwe. Kumeneko ndiye kukhululuka kumene kumathyola mtima wa wokhululukayo asanachiritse wolakwa. Pofuna kuteteza mwana, a ku America adamulanda mphunzitsi uja ukulu wake. Adamulandanso mwanayo kanthu kena, chifukwa Rose amatuluka mu filimu atadziwa chimene chili mumtima mwake, atachiyang'ana maso ndi maso, pamene Meg amatuluka atangophunzira kuti asamagwire zinthu za magetsi.

Filimu ya ku France idalimba mtima kunena chinthu chimene ife makolo sitikonda kumva, chakuti mwana wathu, wabwinobwino, wolimbikira, wachikondi, akhoza kuchita choipa chachikulu mwadala, ndipo chimene chimamukankha nthawi zambiri si chidani ayi koma chikondi chopanda wochiwongolera. Nsanje ya Rose idabadwa m'kupembedza munthu. Akadapezeka wamkulu mmodzi womukhazika pansi n'kumuuza kuti mlendoyo sadabe kanthu, kuti pagule fumbi ndiwe mwini ndipo aliyense amavina nthawi yake, mwendo wa Karine ukadakhala wamphumphu. Onse adali otanganidwa, ndipo mwana adaweruza mlandu yekha mumdima.

Palinso za thupi. Yvette Chauviré ndi Mia Slavenska akamavina mu filimu yakale ija, mukuona anthu amene adalipira gule ndi zala zawo kuyambira ubwana, ndipo Karine akagwa mumadziwa chimene chathyoka, chifukwa mwachiona chili chamoyo mphindi zochepa zapitazo. Ana a m'kalasi ali ndi miyendo ya ovina, amatopa ngati ovina, amachitirana kaduka ngati ovina. Ku America gule adakhala chokometsera maso, ndipo chikomekome cha mkuyu mukudziwa momwe chimathera. Oonera nawo sadakhamukire monga kampani inkayembekezera. Filimuyo sidabweze ndalama zimene idadya, ndipo chaka chotsatira, mu 1948, filimu ya ku Britain ya The Red Shoes, imene sidaope kusonyeza kuti gule angathe kudya moyo wa munthu, ndiyo idakopa anthu a ku America komweko. Filimu ya ku France ija nayo idasowa pamaso pa anthu kwa zaka zambiri, moti ambiri amene adaonera ya Margaret O'Brien sankadziwa kuti ili ndi mkulu wake.

Mwina mukufunsa kuti anthu aja adathera kuti. Yvette Chauviré adakhala mmodzi wa ovina akuluakulu amene France idabalapo, wotchuka kwambiri pa gule wa Giselle, adaphunzitsa mibadwo ya ovina, n'kumwalira mu 2016 ali ndi zaka 99. Mia Slavenska adavina m'mizinda ya America, adakhala ndi gulu lake, kenaka adasanduka mphunzitsi monga Karine wake uja, n'kumwalira ku Los Angeles mu 2002. Marie Epstein adathera zaka zambiri ku Cinémathèque française, nyumba yosunga mafilimu, akupulumutsa ntchito zakale kuti zisaonongeke. Sukulu ya timakoswe ija idachoka pa masitepe a Palais Garnier mu 1987 n'kusamukira ku Nanterre, kunja kwa mzinda, kumene ana ali ndi zipinda zowala ndi malo ogona.

Koma wa Janine Charrat ndi umene umandigwira. Kamwana kaja kadakula n'kukhala mmisiri wopeka magule, ndipo mu 1945, ali ndi zaka 21, adapeka Jeu de cartes amene adamutchukitsa. Mu 1961, akujambulitsa gule wake wa Les Algues kuti aonetsedwe pa wailesi yakanema, chovala chake chidagwira moto wa kandulo, n'kupsa kwambiri thupi. Ngozi imene idapha Emma Livry zaka pafupifupi 100 m'mbuyomo idamupeza iyenso. Adagona nthawi yaitali, madokotala akumukonza khungu mobwerezabwereza, koma adadzuka, adabwerera kukavina ndi kupeka magule, ndipo adakhala ndi moyo mpaka 2017. Amene ali mwana adasewera wopundula mnzake adadzadziwa ndi thupi lake lomwe ululu wa wopundulidwa, ndipo adasankha njira ya Karine, yosalola chilonda kukhala mawu otsiriza.

Tsono mukapeza mpata, onerani mafilimu onse awiri, ndipo muyambe ndi ya 1937. Ya ku America musainyoze, idapangidwa ndi anthu othawa nkhondo amene ankafuna kupukuta misozi ya anzawo. Koma mwana wa m'nyumba mwanu akadzalakwa kwambiri, musadzathamangire kunena kuti dzanja lidangophonya pamene mukudziwa kuti mtima udafuna. Mukamubisira mlandu wake mumamubisiranso chikhululukiro. Mukhazikeni pansi, atchule yekha chimene wachita, alire, wolakwiridwa naye anene kuwawa kwake konse, ndipo pambuyo pake mumugwire dzanja n'kumubwezera m'bwalo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo Karine adazisonyeza pa mwana amene adamuthyola mwendo. Ngati mlendo wa ndodo uja adatha kutero, ife amene timadyera mbale imodzi tilibe pothawira.